Mabokosi Asanu ndi Awiri

Ndinachoka kwathu chaka chimene mwana wanga Sungeni anayamba kuima chogwirira mpando. Ndinauza amayi ake kuti ndibwera chimanga chikamacha. Chinacha, anakolola, chinachanso, ine ndikadali panjira. Sindinakangane ndi munthu, sindinathawe mlandu. Ndinangochedwa. Kenako kuchedwako kunakula mpaka ndinayamba kuchita nako manyazi, ndipo manyaziwo ndi amene anandichedwetsa zaka zina zonsezo. Munthu wa mtundu wanga kwathu amamutcha mtchona.

Matauni amene ndinakhalamo maina ake sindiwakumbuka. Onse anali ndi siteji ya basi pansi pa mtengo wa mthethe, ndipo pa siteji iliyonse pankakhala mayi wogulitsa mtedza wokazinga, wokulunga m'pepala. Mwina anali amayi osiyanasiyana. Kwa ine anali mmodzi, chifukwa funso lake linali limodzi.

"Kwanu n'kuti, bambo?"

M'tauni yoyamba ndinayankha mosavuta. Ndinatchula mudzi, mtsinje ndi phiri lake, ndipo mayiyo anagwedeza mutu n'kundiwonjezera mtedza pang'ono.

Tauniyo inali ndi msewu umodzi. Kumapeto kwake kunkakhala a Kamvazina, olemba zikwangwani, bambo wamtali wa zala zothimbirira ndi penti. Ananditenga kuti ndiziwagwirira makwerero, kenako anandipatsa bulashi.

"Usathamangire penti," anatero. "Yamba wayeza. Chilembo chilichonse chili ndi malo ake ngati mbewu m'phando. Zimene mawuwo akunena si nkhani yako. Mwini golosale akafuna kulembedwa kuti ndi mfumu ya sopo, iwe usaseke. Yeza basi."

Ankayeza pogogoda thabwa ndi chala, kamodzi pa chilembo chilichonse. Chala changa chinaphunzira msanga kuposa mutu wanga. Pasanapite nthawi ndinkagogoda pantchafu ngakhale munthu akungondipatsa moni.

Tsiku lina a Kamvazina atachokapo, kunabwera mayi atanyamula kumutu mtanda wa matabwa wokaika pamanda. Anautula pansi mwaulemu n'kundipatsa kapepala. Panali palembedwa kuti: Limbikani, mwana wanga woyamba. Ndinagogoda mtandawo kuchokera kumanzere mpaka kumanja.

"Ndi zazitali, mayi. Sizikwana."

"Ndiye muchotsa ziti?"

Ndinagogodanso. "Tichotse wanga. Apo zikwana bwinobwino."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mtandawo. Ndinalemba zilembo zokongola, zofanana kutalika, ndipo a Kamvazina pobwera anandiyamikira. Koma mayiyo posenza mtanda wake sanatsanzike, ndipo kwa masiku angapo ndinkazemba kudutsa njira imene analowera. Mvula itayamba, matabwa osauma, ntchito inachepa, ndinakwera basi.

Pa siteji yachiwiri mayi wa mtedza anafunsa funso lake. Ndinati, "Kutali." Sanandiwonjezere.

Tauni imeneyi inali ndi misewu iwiri yopingasana, ndipo pamphambano pake panali kachipinda ka mayi Nangondo, mwini makina osindikizira. Ankasindikiza makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, ndi kapepala ka nkhani kamene kankagulitsidwa m'mabasi Loweruka lililonse. Kumbuyo kwa kapepalako kunali masewera aja a mabokosi, ena akuda ena oyera. Munthu amawerenga funso, n'kulemba yankho m'mabokosi oyerawo, chilembo chimodzi bokosi limodzi, mawu ena chopingasa ena chotsika. Amene ankawakonza anali atamwalira. Mayi Nangondo ataona chala changa chikugogoda patebulo pawo anaseka.

"Matenda amenewa ndimawadziwa. Khalani pansi, achimwene, ntchito mwaipeza."

Anandiphunzitsa malamulo awiri. Loyamba, uyambe ndi mawu amodzi pakati penipeni, amene iwo ankawatcha msana, ena onse atsamire pamenepo. Lachiwiri, funso likhale lachilungamo, mawu ake odziwika kwa aliyense, kuti munthu akalephera adzitukwane yekha, osati iwe.

Ntchito imeneyi ndinaikonda, ndisaname. Ndinkaika mawu amene ndinakula nawo: nkhokwe, lichero, mphasa, chiputu. Aphunzitsi ndi akalaliki opuma ntchito ankagula kapepalako n'kumakangana m'basi ulendo wonse. Ndinkayenda m'tauni ndikuona mazenera a nyumba, ena otseka ena otsekula, ndipo ndinkawadzaza zilembo m'mutu mwanga. Zaka zinadutsa zingati sindikudziwa. Ndimangodziwa kuti ndevu zanga zinayamba kuyera.

Kenako chaka china anthu m'mabasi anaweramitsa mitu. Aliyense maso pafoni, akusekerera yekha. Loweruka lina ndinagula mtedza pa siteji, ndipo pomasula pepala ndinapeza mabokosi anga omwe, oyera mbee, opanda ngakhale chilembo chimodzi.

"Mawu anu akalamba, achimwene," anatero mayi Nangondo. "Mwana wa lero lichero amalidziwa, koma salisekerera. Pitani kumene kuli ana amenewa, mukatole zimene amalemberanazo. Mabokosi muzitumiza ndi dalaivala."

Tauni yachitatu inali ya mawaya. Ankadutsa pamwamba pa misewu yonse, ndipo kumwamba kunkaoneka kogawidwagawidwa. Mayi wa mtedza anafunsa. Ndinati, "Konkuno," ndipo anandiyang'ana nsapato.

Ndinkakhala pa benchi pafupi ndi kakhumbi kotchajira mafoni, kope pamwendo, khutu tcheru. Koma mawu amene ndinkawafuna sankatuluka pakamwa, ankadutsa m'zala. Ndikafunsa, anyamata ndi atsikana ankagwirana mapewa ndi kuseka. "Madala, izi zisiyeni, zikupwetekani mutu." Milungu itatu ndinatola mawu awiri okha, ndipo amodzi mwa iwo anapezeka kuti ndi otukwana.

Ndili pa benchi pomwepo, masana dzuwa lili paliwombo, foni yanga inalira. Dzina langa ndi nambala yanga zinkasindikizidwa pansi pa mabokosi, kuti ofuna mayankho azindipeza. Ndinkayesa ndi mphunzitsi wina wodandaula.

"Adadi, ndine Sungeni. Nambala yanu ndaipeza pa pepala la mtedza. Muli bho?"

Ndinawerenga kasanu. Mwana amene ndinamusiya akugwirira mpando anali kundilembera ndi zala zake. Ndinalemba kuti, Mwanangu, undikhululukire. Ndinafufuta. Ndinalemba kuti, Amayi ako ali bwanji? Ndinafufuta, chifukwa munthu wofunsa funso limenelo ayenera kukhala ndi yankho la funso lobwera pambuyo pake. Masiku awiri foni inakhala m'thumba, ikunditentha. Nthawi yonseyo chala chinali kugogoda pantchafu, katatu, katatu, ndipo pakona ya mabokosi a sabata imeneyo panali malo atatu opanda mwini.

Tsiku lachitatu ndinayankha. "Ndili bwino. Kodi bho n'chiyani?"

Yankho linabwera ndisanabweze foni m'thumba. "Kkkkk adadi! Bho ndiye kuti bwinobwino. Zoona simudziwa?"

"Nanga ma k amenewa?"

"Kumeneko n'kuseka. Akachuluka ndiye kuti mwandiseketsa kwambiri."

Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa, ndipo ndinapeza kuti kufunsa ndi malo abwino obisalapo. Tsiku lililonse ndinkamutumizira funso limodzi, ndipo iye ankayankha mokondwa ngati mwana wolondolera mlendo njira. Dolo ndi munthu wochenjera pa zinthu. Kutchena ndi kuvala mochititsa kaso. Za zii ndi zinthu zopanda mchere. Kubuloka ndi kumutsekera munthu kuti mauthenga ake asakufikenso. Funso la mawu amenewa ndinalikonza mosamala: Kutsekera munthu chitseko pafoni, mabokosi asanu ndi atatu. Ndinanyadira nalo tsiku lonse.

Kapepala kanayambanso kuyenda malonda. Achinyamata ankagula kuti aone ngati madala a mabokosi alemba zoona, akuluakulu ankagula kuti amve zimene ana awo amanena. Omwe aja ankandiseka pa benchi anayamba kundisiyira malo pamthunzi. Mayi Nangondo anatumiza uthenga ndi dalaivala kuti chitsime chimene ndapezacho ndisachiuze munthu.

Sungeni ankalemba zambiri kuposa zimene ndinkafunsa. Analemba kuti anamaliza sukulu, kuti amasoka zovala pamsika, kuti denga la nyumba linasasuka ndi mphepo ndipo analifolera okha ndi amayi ake. Analemba kuti alibe chithunzi changa ngakhale chimodzi. Musaganize kuti sindinkamva. Ndinkamva zonse, ndipo chilichonse chinkandigwetsa nkhope. Koma m'uthenga uliwonse wautali munkapezeka mawu amodzi atsopano, ndipo ndinkawagwira mawuwo ngati munthu wogwira nthambi mtsinje utadzaza. Iye akanena za denga, ine ndinkafunsa za mawu. Ankayankhabe. Ma k aja ndiwo anayamba kuchepa, asanu, atatu, awiri, ndipo ine, munthu woyeza zilembo, ndinaona ndithu.

Lachitatu lina m'mawa, mabokosi a sabata imeneyo ali opanda msana, uthenga unafika.

"Adadi, masteni adwala kwambiri. Tili kuchipatala kuyambira Lamlungu. Dzulo amakutchulani. Bwerani."

Ndinaimirira. Ndinafika mpaka pa siteji, ndipo basi inalipo, injini ikulira. Ndinaganiza za chipinda cha m'chipatala, abale atazungulira bedi, mitu yonse ikutembenukira kukhomo kuti ione mtchona. Ndinaganiza za nkhope ya mkazi amene ndinamuuza kuti ndibwera chimanga chikamacha. Basi inanyamuka ndikuiyang'ana. Ndinabwerera pa benchi, chala chikugogoda kasanu ndi kawiri, ndipo ndinalemba uthenga umene mpaka lero ndikaukumbukira ndimatseka maso.

"Pepani. Kodi mawu akuti masteni amadziwika m'zigawo zonse?"

Panapita nthawi yaitali. Kenako anayankha.

"Eya."

Loweruka kapepala kanatuluka. Pakati penipeni panali mabokosi asanu ndi awiri, ndipo funso lake linali lachilungamo monga anandiphunzitsira: Mayi, mmene amawatchulira achinyamata pafoni. Mawu ena onse anatsamira pamenepo.

Lolemba ndinalimba mtima n'kulemba kuti, Zikuyenda bwanji kuchipatalako? Uthengawo sunafike. Ndinatumizanso, sunafike. Ndinafunsa mtsikana wina pa benchi ngati foni yanga yawonongeka. Anaitenga, anayang'ana pang'ono, n'kundibwezera ndi manja awiri, osaseka.

"Foni ili bwino, madala. Akubulokani."

Tanthauzo lake sindinafunse.

Zimene zinatsatira sindizikumbuka mwandondomeko. Ndinasiya kutumiza mabokosi. Ndinadutsa tauni ya njerwa zowotcha, kumene ndinkaponda dothi. Ndinadutsa mudzi wa fodya, kumene ndinkasoka masamba mpaka zala zinada. Ndinkasankha ntchito zopanda zilembo, koma chala sichinasiye. Chinkagogoda kasanu ndi kawiri pa khasu, pa mbale, pa bondo, ndipo tsiku lina ndinazindikira kuti dzina la mwana wanga nalonso limakwana m'mabokosi omwewo. Amati manyazi anapha lambe. Ine sanandiphe, ankangondiyendetsa.

Pa siteji ina, pansi pa mthethe, mayi wa mtedza anafunsa funso lake. Ndinali nditatopa kwambiri moti bodza silinabwere. Ndinatchula mudzi, mtsinje ndi phiri.

"Ndiye mukutani kuno?" anatero. "Basi yake ndi iyo."

Ndinafika masana. Mtsinje unali utachepa, phiri lili pomwe lija. Nyumba inali ndi denga latsopano mbali imodzi. Pakhonde panali makina osokera, ndipo pa makinapo panali mayi wachitsikana wa mapewa a amayi ake. Pakhoma panatsamira thabwa lalikulu lopakidwa penti yoyera, lopanda chilembo. Thabwa la mtundu umenewo ndinkalidziwa ntchito yake.

Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kunsapato. Sanafunse kuti ndine yani. Analowa m'nyumba, anatulutsa mpando, anagwada patali pang'ono monga amachitira ndi mlendo.

"Mwayenda bwanji, bambo?"

"Ndayenda bwino, mwanangu. Kaya iwe?"

"Tilipo. Amayi anatisiya Lachisanu, patatha sabata ndi masiku awiri chikulembereni zoti mubwere. Mawa tikukaika thabwa ili kumanda."

Ndinatsegula pakamwa, koma iye anali ataimirira kale. Anabwera ndi jumbo, n'kukhuthulira pamwendo panga mapepala, ambiri a madontho a mafuta a mtedza. Anali mabokosi anga, kuyambira sabata ya bho. Onse anali odzazidwa ndi bolopeni, zilembo zazing'ono zaudongo.

"Ndinkawafunafuna pa siteji Loweruka lililonse," anatero. "Ndinkati bambo anga sadziwa kuyankha pafoni, koma amandiyankhira umu. Ndikaona mawu anga m'bokosi ndinkathamanga kukawaonetsa amayi. Ankaseka, ankati ndi momwe alili, musiyeni."

Pepala lomaliza linali pansi pa onse. Mawu opingasa ndi otsika a m'mbali anali odzazidwa. Pakati pokha, pamsana, mabokosi asanu ndi awiri anali oyera, ndipo mawu onse odutsa pamenepo anali ndi mpata ngati mkamwa mogweluka dzino.

"Limeneli ndinalidzazira m'chipatala," anatero. "Funso lapakatilo ndinalidziwa yankho lake. Anali atagona pabedi pafupi nane."

Ndinalira. Sanandiletse, sananditonthoze. Anadikira ndithe, kenako anaika pamapazi panga kachitini ka penti yakuda ndi bulashi.

"Amayi ankati munayamba ndi zikwangwani. Wolemba amene tinamuitana sanabwere. Lembani dzina lawo."

Ndinagwada patsogolo pa thabwalo. Chala chinayeza chokha, ndipo dzanja linali lisanaiwale. Enelesi Nachanza. Zilembo zinatuluka zowongoka, zofanana kutalika, zoti a Kamvazina akanaziyamikira. Pansi pake Sungeni ananditchulira chaka chobadwa ndi tsiku lomwalira, ndipo zonse ziwiri ndinachita kuuzidwa. Patsinde panatsala malo a mzere umodzi.

"Pamenepo mulembe anali ndani," anatero. "Inu mumatha kufotokoza mawu mwachidule, aliyense n'kumva. Afotokozeni amayi."

Ndinaviika bulashi. Ndinali nditafotokoza nkhokwe, lichero, dolo, kutchena, mawu mazana ndi mazana, lililonse m'mzere umodzi. Ndinafufuza m'mutu mwanga. Ndinapeza mtsikana wa chitenje chobiriwira ataima pakhomo, mwana ali m'manja, akundiuza kuti ndisaiwale kugula sopo pobwera. Kupitirira pamenepo munalibe kanthu. Sindinkadziwa ngati ananenepa kapena anaonda, nyimbo imene ankaikonda, chimene chinkamukwiyitsa, ngati anasiya liti kuyang'ana kumsewu. Nkhuku zinadutsa pabwalo. Mthunzi wa nyumba unasuntha n'kufika pathabwa. Penti inauma pa bulashi ndikadagwada.

Ndinaika bulashi pansi.

"Sungeni, sindikuwadziwa. Amayi ako anali munthu wotani?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Linali funso langa loyamba kwa iye lopanda mabokosi kumbuyo kwake, ndipo ndikuganiza kuti ankafufuza ngati alipo. Anayang'ana dzanja langa. Ndinalikhazika pansi pa bondo kuti chala chisagogode.

Kenako anakankhira kachitini ka penti pambali ndi phazi, n'kukhala pansi pakhonde, msana atatsamira khoma, pafupi ndi thabwalo.

"Ndi zazitali, adadi," anatero. "Pamenepo sizikwana."

"Usachotse kalikonse," ndinatero.

Ndipo anayamba ndi chaka chimene chimanga chinacha koyamba.